Njerwa Imodzi pa Bwemba

Ndinali nditangomiza dengu lachiwiri la usipa m'madzi owira pamene Enelesi anatulukira kuseri kwa mpanda akuthamanga, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Enelesi ndi mnansi wanga, ndipo si munthu wothamanga. Ngakhale mvula imupeze panjira, amayenda ngati akuperekeza mkwati.

"Achemwali, siyani kaye zimenezo."

"Ndisiye bwanji? Usipa ukakhalitsa m'madzimu uphwanyika. Lankhulani, ndikumva."

"Chipilala chija ayamba kukumba."

"Akumbe. Mwina tipumako."

"Sakukumba pakati pamene ankanena paja. Akukumba kumapeto. Ku bwemba."

Ndinamuyang'ana. Iye anayang'ana pansi.

Nkhani ya chipilalayi inali itatitopetsa chaka chonse. Mudzi wathu uli chakumtunda kwa Makokola, ndipo anauyambitsa ndi mabanja asanu ndi awiri amene anachoka ku Likoma pa ngalawa ya matanga chaka cha njala ija ya 49. Anapempha malo kwa Ayao a kuno, anapatsidwa tchire la m'mbali mwa nyanja, n'kumanga tchalitchi cha udzu. Onsewo anagona m'manda mwathumu, koma mitanda yawo inali yamatabwa, chiswe chinadya kalekale. Alamu anga a Gilford, akulu awo a mwamuna wanga, atapuma ntchito yauphunzitsi anabwera ndi ganizo lakuti timange chipilala chimodzi, tilembepo mayina awo onse. Lamulungu lililonse tikatha mapemphero, chipilala. Pamaliro, chipilala. Ine sindinkatsutsa. Ndili ndi ana anayi ndi thandala la usipa. Za akufa a 49 ndinasiyira amene ali ndi nthawi.

Koma ku bwemba ndi nkhani ina. Kumapeto kwa manda, pansi pa mtengo wa bwemba, pali malo osalala, opanda mtumbira, opanda mtanda. Mwamuna akayang'anapo amaona udzu basi. Ndi pamene amayi amakasiya nthayo, ana obadwa atafa kale kapena omwalira asanatuluke m'chikuta. Mwana wotere samulira maliro, samukhomera bokosi, ndipo amuna sapitako. Amayi akuluakulu awiri kapena atatu amamukulunga m'nsalu, amatenga khasu, amakumba dzenje lolekeza m'mawondo, amakwirira n'kusalaza. Akabwerako sanena kanthu. Mwamuna safunsa. Mayi wake amangouzidwa kuti iwala, ubereka wina.

Wanga ali kumeneko. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Anali wamkazi, wa tsitsi lambiri lakuda. Ndinamuona kamodzi kokha, namwino asanamuphimbe. Titabwera kuchokera kuchipatala, azakhali a mwamuna wanga, a Keti, anamutenga m'chitenje changa chobiriwira n'kupita naye. Ine ndinatsala pamphasa. Chimene ndinadziwa n'chakuti ali ku bwemba. Pati penipeni, sindinauzidwe.

"Bambo a Lonely ali kuti?" ndinafunsa Enelesi. Simioni, mwamuna wanga, anali atabwera kuchokera kunyanja m'mawa womwewo, ndipo ndinkayesa wapita kukagona pamthunzi.

"Ndi amene agwira pikiyo."

Ndinavuula dengu lija, ndinakhuthulira usipa pathandala mulu umodzi osauyala, moto ndinausiya ukuyaka. Ndinathamanga osavala ndi patapata yemwe.

Mkazi salowa m'manda popanda maliro. Ndikudziwa zimenezo, musandiuze. Ndinaima pakhomo la manda mwina kupuma kuwiri, kenako ndinamva phokoso la piki ikulowa m'dothi, ndinalowa.

Anali amuna asanu ndi mmodzi. Anali atakhoma zikhomo zinayi n'kuzunguliza chingwe cha nayiloni chija amasokera ukonde. Mbali imodzi ya ngalande inali itakumbidwa kale, ndipo Simioni anali m'katimo, dothi likumulekeza m'mawondo. Pambali panali mulu wa mchenga ndi mulu wa njerwa. A Gilford anali ataima pamthunzi ndi fayilo yawo kukhwapa, atavala shati yoyera ngati akupita ku ofesi ya DC.

Woyamba kundiona anali Jeffrey, mmisiri amene anamutenga ku boma.

"Mayi, muponda chingwe! Zungulirani uko."

"Lekani kukumba."

"Tatsala pang'ono, mayi. Malowa ndi abwino, dothi lake ndi lofewa ngati linakumbidwapo kale. Dzuwa lisanafike pamutu tikhala titamaliza."

Ndinagwira chikhomo.

A Gilford anabwera pang'onopang'ono. Si munthu woipa. Koma anaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo aliyense amamuona ngati mwana wa sitandade 4.

"Mlamu, mwalowa bwanji muno? Ife tinachita kupempha chilolezo."

"Alamu, pano musakumbe. Pali anthu."

"Anthu ake ati? Ndawerenga buku la tchalitchi kuyambira tsamba loyamba. Aliyense amene anagona muno ndikudziwa pamene ali. Pano palibe munthu, n'chifukwa chake tasankhapo."

"Amenewa m'buku mwanumo mulibe."

"Ndiye ali m'buku liti?"

Chiyambire ndili mtsikana anandiphunzitsa kuti zimenezi sizitchulidwa pamaso pa amuna. Ndinayang'ana Simioni kuti mwina andithandiza. Anali atatsamira mpini wa piki, akupukuta thukuta, akundiyang'ana ngati ndabwera kudzamuchititsa manyazi.

"Munkati mumanga pakati," ndinatero.

"Tinasintha. Taonani uko." A Gilford analoza waya wa mpanda umene unadutsa kuseri kwa bwemba. "Mwini wa koteji ya alendo ili ukoyo mwezi watha waya wake unali kuseri kwa chulu. Lero uli apa. Chaka chamawa adzadula bwembayu n'kuikapo mipando ya alendo. Chipilala chikaima pano, ndi mayina a makolo athu, sadzadutsanso. Ndikuteteza manda, mlamu, sindikusewera. Ndiponso abusa akubwera kudzadalitsa Lamulungu la mawa lino, abale achoka ku Blantyre, ena ku Joni. Simioni, pitiriza."

Simioni anakweza piki.

Sindikumbukira kuti ndinalumpha bwanji. Ndinangopezeka ndili m'ngalandemo, ndakhala pansi patsogolo pake, piki ili m'mwamba.

"Iwe, wapenga? Ndikanakutema!"

"Temani. Bambo a Lonely, mwana wanu uja tinabwera naye kuchipatala ali m'chitenje, mumayesa anapita kuti?"

Amuna onse anayang'ana kumbali. Mmodzi anatsokomola.

"Zimenezo si zolankhula pano," anatero Simioni motsitsa mawu.

"Zolankhula kuti? Kunyumba munafunsapo? Zaka zisanu ndi chimodzi, munafunsapo kamodzi?"

"Mwamuna safunsa zimenezo. Ukudziwa."

"Safunsa, koma amakumba."

Anatsitsa piki ija pang'onopang'ono, n'kuyang'ana dothi limene anapondapo. Kenako anatuluka m'ngalandemo mwamsanga ngati waponda phulusa lamoto.

A Gilford anavula magalasi, anawapukuta ndi shati, anawavalanso. "Pepani, mlamu. Sitinadziwe. Chabwino, tisonyezeni pamene ali, tisunthe chingwe pang'ono, timulambalale."

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa?"

"Sanandiuze. Mayi wake sauzidwa."

"Ndiye tilambalala chiyani? Mwina ali uko, kutali ndi chingwe. Sitingaimitse ntchito ya mudzi wonse chifukwa cha malo amene ngakhale inuyo simukuwadziwa."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka. Ndinatembenukira ku mulu wa dothi limene anali atafukula, ndinayamba kulipalasa ndi manja. Ndinkatapa, ndinkafikisa m'zala, ndinkataya kumbali, ngati mmene timasankhira miyala mu mpunga. Ndinkafuna chiyani sindikudziwa. Mwana wa tsiku limodzi mafupa ake ndi ofewa ngati a usipa, zaka zisanu ndi chimodzi atsala ndi chiyani? Koma manja sanaleke. Dzuwa la Okutobala linkandiwotcha pamsana, dothi linkalowa m'zikhadabo, amuna aja atangoima ngati ng'ombe padibi.

Enelesi anali atatsala pakhomo la manda. Ndinamukuwira kuti akatenge azakhali a Keti, awakweze pa kabaza ngati miyendo ikuvuta.

Ndinapeza mizu. Ndinapeza chigoba cha nkhono. Ndinapeza kachidutswa ka mbale yadothi. Kenako zala zanga zinakola kanthu kofewa, ndinakakoka. Kanali kansanza kotalika ngati chala, kowola, kopanda mtundu, koma m'mphepete mwake munkaoneka msoko.

Jeffrey anaponya fosholo pansi. "Abwana, ine izi ayi. Munandiuza kuti ndi malo opanda kanthu. Ine ndimamanga ziliza, sindifukula anthu."

Ndinakafumbata kansanza kaja. Ndinayesa kukapaka malovu kuti ndione ngati kanali kobiriwira. Kanangoda.

A Keti anafika akutukwana wakabaza kuti wawagwedeza chiuno. Ndi mayi wamfupi, wa ndodo, amagulitsa tomato pamsewu, ndipo chibadwire sindinawamvepo akuyamikira munthu. Analowa m'manda osapempha aliyense.

"Mwandichotsa pamalonda chifukwa cha misala ya mkazi wa Simioni? Iwe Fyness, tuluka m'dzenjemo. Ukufuna chiberekero chiume?"

"Ndili nawo anayi. Chiume."

"Tamverani pakamwa pakepo. Tuluka!"

"Ndiuzeni kaye pamene munamuika."

"Ndinaika ndani? Aja sakhala anthu, mwana iwe. Amakhala madzi chabe. Tinakuuza kuti uiwale."

"Madzi amakhala ndi tsitsi, azakhali?"

Anayang'ana chingwe chija, zikhomo zinayi, ngalande, mulu wa dothi. Nkhope yawo inasintha. Anatembenukira kwa a Gilford.

"Wayeza ndani pano?"

"Ndine, azakhali. Komiti inagwirizana."

"Mu komiti yakoyo muli mkazi?"

"Amayi tinawapatsa mbali ya zophika pa tsikulo."

"Eya. Zophika."

"Azakhali, tithandizeni. Alipo angati pano? Ali pati ndi pati? Mukatiuza tidziwa chochita."

"Sitiwerenga. Ndipo sindingauze mwamuna."

"Ndiye ine nditani? Waya uwo mukuuona. Ndikufuna kusunga manda a makolo athu amene anayamba mudzi uno. Ndikasuntha chipilala kupita pakati, kumapeto kuno kupita."

"Kumapeto," anatero a Keti. Analavula pambali. "Iwe wa mabuku, woyamba kugona m'dothi lino anali ndani?"

"Agogo a Oscar, 1953. Zinalembedwa."

"Mayi anga, agogo ako, anatsika m'ngalawa muja ali ndi pakati. Njala, mafunde, masiku anayi panyanja. Sabata yomweyo anataya. Amayi anzawo anabwera naye pansi pa bwembayu, kulibe tchalitchi, kulibe manda, kuli tchire lokhalokha. A Oscar atamwalira, amayi ndiwo anauza amuna kuti kakumbeni chakuuko kwa bwemba, osawauza chifukwa. Manda onsewa anayambira pano n'kumapita uko. Iwe ukuti kumapeto."

A Gilford anatsegula fayilo yawo, anayang'anamo, anaitsekanso.

"Ndipo ukafika kunyumba," anapitiriza a Keti, "ukafunse mkazi wako chifukwa chake chiyambire sabata yatha sakudya. Wandiyankhulitsa zosayankhula, Gilford. Ndikadwala ndiwe."

Kenako anagwira ndodo yawo ndi manja awiri n'kuyamba kulemba mzere pansi. Anayambira patsinde la bwemba, anazungulira kuseri kwa mulu wa mchenga, anadutsa zikhomo zonse zinayi, anakafika mpaka pafupi ndi chulu, n'kubwerera. Ankayenda pang'onopang'ono, akukoka mwendo. Malo amene anazunguliza anali aakulu kuposa bwalo la nyumba yanga. Enelesi, amene tsopano anali atalowa, anaphimba kumaso ndi chitenje. Ndi pamene ndinadziwa chimene chinamuthamangitsa ndi nkhuni pamutu.

Kunja kwa mzerewo kunatsala kampata kakang'ono, kogundana ndi waya.

"Apo," anatero a Keti. "Ngati mayina ako sakwana, ulembe ang'onoang'ono."

Jeffrey anadandaula kuti pali mizu, kuti chipilala chichepa, kuti ayambirenso kuyeza. A Gilford anaika fayilo yawo pansi. Anapita okha kukazula chikhomo choyamba, shati yoyera ija ikukhudza dothi. Simioni anatola fosholo n'kuyamba kubwezera dothi m'ngalande, mosamala, osaponya.

Kwa iwo nkhani inathera pamenepo. Kwa ine ayi.

Ndinatuluka m'ngalandemo, ndinapita kwa a Keti, ndinatambasula dzanja. Anayang'ana kansanza kaja nthawi yaitali. Anakatenga, anawerama movutikira, anakaika pansi pa ngalande, n'kukankhirapo dothi ndi phazi.

"Si kako. Yako inali yobiriwira."

"Kameneka mtundu wake simungauone."

"Ndati si kako."

"Ndiye wanga ali pati? Azakhali, ndagwira mwendo wanu. Sindiuza munthu. Sindibwera kudzalira. Ndingodziwa basi."

"Ukadziwa utani?"

"Ndigona."

Anandiyang'ana ndi maso awo otuwa aja. Anayang'ana ku bwemba, anayang'ana ku chulu, anayang'ananso ku bwemba. Anatenga nthawi, nthawi yambiri kuposa imene munthu wokumbukira amatenga. Kenako analoza ndi mlomo ku mulu wa njerwa.

"Sanamukhudze. Angomusenzetsa katundu."

Kaya ananena zoona, kaya anangofuna kuti ndiwasiye abwerere ku tomato wawo, sindikudziwa. Amayi amene anapita nawo tsiku lija onse awiri anamwalira. Palibenso wina womufunsa. Ndinasankha kukhulupirira, chifukwa china chosankha panalibe.

Ndinayamba kuchotsa njerwa. Ziwiriziwiri, kuzinyamula pachifuwa, kukaziika kunja kwa mzere. Zinali zotentha ngati zangochoka mu uvuni. Jeffrey anati ndisiye, anyamula ndi wilibala. Ndinamuuza kuti wilibala yake isaponde pamenepo. Nditabwerera kachisanu ndinapeza Simioni atawerama pamuluwo, atanyamula zinayi. Tinkangodutsana, iye akupita, ine ndikubwera. Ulendo wina tinakumana pakati, anaima.

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamkazi."

Anagwedeza mutu n'kupitirira ndi njerwa zake. Pobwerera ndinaona kuti akupukuta kumaso ndi phewa, koma kunkatentha, mwina linali thukuta.

Mulu utatha panatsala udzu wophwanyika, wachikasu, ndi nyerere zikuthamangathamanga. Malo wamba. Ndinaimapo. Ndinkayesa kuti ndimva kanthu m'mapazi, koma ndinangomva kutentha kwa dothi.

Njerwa imodzi inali itatsalira, yobenthuka pakona. Simioni anawerama kuti aitole, ndinaiponda ndi phazi. Pa nthayo saikapo chizindikiro, aliyense amadziwa. Ndinayang'ana a Keti. Anali atakhala pamtumbira wa munthu wina, akufwenkha fodya m'kabotolo kawo. Anaona phazi langa, anaona njerwa, n'kutembenukira kwa Enelesi.

"Wakabaza uja wapita? Ine sindiyenda wapansi dzuwa limeneli."

Ndinaikankhira njerwayo m'dothi ndi chidendene mpaka inatsala pang'ono kubisika.

Potuluka ndinadutsa a Gilford atagwada pafupi ndi waya, akugwirira Jeffrey tepi. Anandiitana.

"Mlamu. Pansi pa mayina paja patsala mpata wa mzere umodzi. Mwina tingalembepo kanthu. Za awa."

"Mulemba chiyani? Alibe mayina."

"Ndiye ndikufunsa inu."

"Kafunseni akazi anu. Ine ndasiya usipa pamoto."

Kunyumba ndinapeza moto utazima, madzi atazizira, mafuta atayandama pamwamba. Usipa wa pathandala uja, poti ndinausiya mulu umodzi uli wotentha, wam'kati unali utaphwanyika n'kumatana ngati phala. Ntchentche zinali zitadzaza. Nkhuku za Enelesi zinali zitakwera n'kumwaza wina pansi. Madengu ena atatu anali pamthunzi osafutsa, ndipo fungo linali litayamba kusintha.

Ndinathamangitsa nkhuku. Ndinasamba m'manja kawiri, koma dothi la m'zikhadabo silinachoke. Ndinakoleza moto wina, ndinathira madzi atsopano ndi mchere. Podikira kuti awire ndinaima pathandala n'kuyamba kusankha, wabwino uku, wophwanyika uko. Wophwanyika ndiye unkachuluka.